Mapesi a Esinala

Panali mayi wina, dzina lake Esinala, amene munda wake unali pamtsetse. Mundawo anamusiyira ndi malemu amayi ake. Chaka chilichonse mvula ikagwa, madzi ankakokolola dothi lakuda n'kusiya nsangalabwi. Kumunsi kunali kutang'ambika chigwembe, ndipo chinali chitameza kale mizere isanu ndi umodzi. Ana ake awiri analibe kwina kodzalima akadzakula.

Kuderako kunabwera alangizi a bungwe lina losamalira nthaka. Iwo anati anthu akakolola asamatenthe mapesi, koma aziwagoneka pansi, kuti mvula izimenya mapesiwo m'malo momenya dothi. Anthu anawomba m'manja, anabwerera kwawo, n'kukasosa ndi kutentha monga mwa nthawi zonse. Esinala yekha ndiye anagoneka mapesi munda wonse, mwana ali kumsana.

Koma kumeneko munda wosasosa pofika Okutobala umachititsa manyazi mbumba yonse. Amayi popita kumjigo ankati Esinala wayalira chiswe mphasa. Abambo ankadandaula kuti mbewa zonse zathawira kwa iye, ndipo akuwaletsa kuyatsa moto kuti azikumbe. Nkhaniyi inafika kwa atsibweni ake, a Kamtedza, amene ankayang'anira minda ya mbumbayo. Anamutumizira mawu kawiri, iye osasosa. Ndiye m'mawa wina anabwera okha kumundako, chikuni chamoto chili m'manja. Mumtima mwawo ankati akumuthandiza, poti mwamuna wake anali ku Joni.

"Iwe Esinala, anthu akuseka ine, ati ndikuweta alesi," anatero. "Amako ankasosa, agogo ako ankasosa. Abungwe akowo amadya ufa wa m'sitolo."

Esinala anagwada n'kuwalonjera mwaulemu. Atatero anamasula mwana, anamupereka kwa mayi wina amene anaima m'njira kuonerera, analowa pakati penipeni pa munda, n'kukhala pa mapesi oumawo, miyendo atatambasula.

"Yatsani, atsibweni," anatero. "Amayi ankasosadi. Tsikirani kumunsiko mukaone kumene kuli mizere yawo."

A Kamtedza anamukalipira, anamunyengerera, anamukumbutsa kuti ndi iwo anamuimira paukwati wake. Iye sanasunthe. Dzuwa linakwera, anthu anachuluka m'njira, chikuni chinazima. Pochoka anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo pawo ndi mlandu uliwonse. Ndipo sanali kunena zocheza: chaka chonse sanamuyankhule, ngakhale mwana atadwala malungo.

Mvula yoyamba inabwera ndi mphamvu. M'minda yoyandikana madzi anatsika ali psuu ndi dothi. Kwa Esinala analowa pansi mwakachetechete. Sanakolole zoti anthu n'kudabwa nazo, matumba anali omwe aja. Koma chaka chimenecho chigwembe sichinameze mzere ndi umodzi womwe.

Inu amene mukumva, bungwe limabwera pagalimoto ndipo limabwerera pagalimoto. Pa tsiku la moto, bungwelo silidzakhalapo. Ndipo wobwera ndi chikuni sadzakhala mdani ayi, adzakhala wachibale amene mumamugwadira, amene mudzamufuna mawa. Mugwadireni, ulemu ndi wake. Koma dothi ndi la ana anu. Mukadzuka pamene mwagwadapo, musalowere kunyumba kukalira. Lowerani kumunda.