Dziwenji ndi Chilombo Chomeza Maina

Kalekale, mitsinje isanasankhe kolowera, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri munali mtsikana wachibwibwi dzina lake Dziwenji. Mawu ankamukakamira pakhosi ngati munga wa nsomba, ndipo anzake ankatopa n'kudikira, n'kumusiya ali kukamwa yasa. Amene ankapirira naye anali mmodzi yekha, mlongo wake wamkulu Lemani.

Awiriwa anali ndi sewero lawolawo kuseri kwa nkhokwe. Lemani ankajambula dziko pafumbi ndi kamtengo: apa mtsinje woyenda chokwera phiri, apa mudzi wa nyumba zopanda makomo, uko chigwa cha miphika yosweka. Ankaumba tianthu ndi tinyama tadothi. Lemani ndiye ankasimba zochitika, Dziwenji n'kumasankha kolowera kamunthu kake. Pakagwa ngozi ankaponya nthanga zinayi za maungu zopaka makala mbali imodzi. Zoyera zikachuluka, wapulumuka.

Mayi awo anawapatsa lamulo limodzi. "Umbani ndi dothi la kudambo. La pachulu cha kumsitu chija musakhudze, ndipo choumba ndi dothi limenelo sachipatsa dzina."

Chaka china dambo linauma gwa. Lemani anakatapa dothi pachulu chija, naumba chinthu cha mitu itatu.

"Mutu uwu umadya mapazi amene munthu wasiya panjira, kuti asadziwe kobwerera," anatero. "Uwu umadya mawu. Wapakatiwu umameza maina. Ndipo chilombo chimenechi dzina lake ndi Gwirigwinde."

Atangotchula, kamvuluvulu anadzuka dzuwa lili paliwombo, nafafaniza dziko la pafumbi lija. Fumbi litatsika, Lemani panalibe.

Dziwenji anathamangira kwa mayi ake amene ankapeta pakhonde. "Amayi, aLe-le-le... atengedwa."

"Ukunena ndani?" anafunsa mayi aja, lichero osaliika pansi. "Ine ndinabala iwe wekha, mwanawe."

Anafunsa kwa amalume, anafunsa kuchitsime, anafunsa anyamata amene ankaweta mbuzi ndi Lemani. Onse ankangomuyang'ana ngati wodwala. Chilombo chinali chitameza dzinalo m'kamwa mwa aliyense. Kwa Dziwenji yekha ndiko chinalephera, chifukwa dzinalo linali lisanatulukepo lathunthu. Theka lake linkatsalira pakhosi nthawi zonse.

M'mawa mwake anamanga pansalu kang'ombe kake kadothi kamiyendo itatu, kamene mwendo wachinayi unathyoka kale, nalowera kumsitu. Palibe amene anamufunsa kumene akupita.

Anayenda masiku atatu osakumana ndi munthu. Ankadya masuku akugwa okha, n'kumayankhula ndi mthunzi wake. Tsiku lachinayi anafika pamtsinje umene madzi ake ankakwera phiri, monga mmene Lemani anajambulira. Apo anakhala pansi n'kulira, pakuti panalibe womusimbira zotsatira. Misozi inagwera pakang'ombe kaja. Kanayetsemula, kanatupa, kanakula, mpaka panaima nkhunzi yofiira ngati katondo, miyendo itatu basi.

"Ndinathyoka mwendo koma sunanditaye," inatero ng'ombeyo. "Kwera. Chimene anaumba mlongo wako chinalipo kale iye asanabadwe. Chinali m'tulo pansi pa chulu, ndipo dzina ndilo linachidzutsa."

Anawoloka. Anadutsa m'mudzi wa nyumba zopanda makomo, mmene Dziwenji anagogoda chipupa ndi chipupa, odi ndi odi, osamva woyankha. Kenako anatsikira m'chigwa cha miphika yosweka, mapale akulira khetye khetye pansi pa ziboda.

Pakati pa chigwacho panali Gwirigwinde, thupi ngati nkhokwe zisanu, makosi atatu opiringana. Patsogolo pake panali mulu wa timiyala toyera. Mitu itatu ija inkasewera nato, kutiponya m'maenje n'kumakangana za wopambana. Timiyalato tinali anthu amene chinawaba.

Mutu wakumanzere, wa lilime lokwekwereza pansi, ndiwo unayamba kumuona.

"Ndagi," unatero poyambitsa mwambi.

"Gi-gize," anavomera Dziwenji.

"Ndikamayenda ndibala ana, ndikaima ndine chumba. Ukalephera, ukhala kamwala."

Dziwenji anacheuka kuyang'ana njira imene anadzera. "Ma-mapazi."

Pakumva chakudya chake chikutchulidwa, mutuwo unachucha dovu. Ng'ombe ija inatsitsa Dziwenji, ninong'ona kuti, "Mutu uwu undisiyire ine." Inayamba kuthamanga mozungulira chilombo, gudu gudu tsimphi, gudu gudu tsimphi, mutu uja ukunyambita mapazi ake m'mbuyo. Inazungulira kasanu, kakhumi, khosi likukulunga miyendo ya mwini wake ngati chingwe, mpaka linathyoka thyo. Koma chilombo pogwada chinapsinja ng'ombe ija, ndipo inabwerera kukhala dothi louma.

Dziwenji anatsala yekha.

Mutu wakumanja unatsika, makutu ngati malichero. "Yankhula, kamwana. Ndili ndi njala."

"Bwe-bwe-bwezani a-a-a..."

Mutuwo unakoka mawuwo ndi mpweya, fwii. Koma unazolowera kumeza mawu osalala a oimba ndi a oweruza milandu. Awa anali ndi minga. Anaima chopingasa pakhosi, osatsika osatuluka. Mutuwo unatsokomola, maso tong'o, unadzimenyetsa pamapale mpaka unasweka, ndipo mawu a Dziwenji anabwerera mwa mwini wake.

Unatsala wapakati, waukulu, wopanda maso, pakamwa ngati phanga.

"Abale anga ndinatopa nawo kale," unatero mofatsa. "Koma iwe uli ndi theka la dzina limene ndikulifuna. Tchula mlongo wako."

Dziwenji anamva dzina la Lemani likukwera pakhosi ngati likukokedwa ndi mbedza. Analuma mlomo mpaka magazi. Anadziwa kuti mutuwo sungasiye dzina lililonse limene wamva, ndipo panali limodzi limene iye analimva kuseri kwa nkhokwe.

"Gwi," anatero. Mutu unameza.

"Gwi-gwi-gwiri." Unamezanso, osazindikira, pakuti linkabwera zidutswazidutswa.

"Gwi-gwinde."

Chidutswa chomaliza chitatsika, chilombo chinaima zii. "Kodi ine ndine yani?" chinafunsa ndi mawu aang'ono ngati a mwana wotayika pamsika. Ming'alu inayenda thupi lonse, ndipo chinagumuka, n'kukhala mulu wa dothi lachulu.

M'muluwo munatuluka maina ngati ngumbi pa mvula yoyamba, lililonse n'kukatera pakamwala kake. Kamwala n'kukhala mlenje, kamwala n'kukhala mayi wa mwana kumbuyo, kamwala n'kukhala Lemani, wotuwa ndi fumbi.

"Mlongo wanga, wabwera ndi yani?" anafunsa.

Dziwenji analoza dothi lofiira la ng'ombe ija.

Mapazi onse amene chilombo chinadya anabwerera pansi, ndipo aliyense anatsata ake. Chigwa chitatsala pululu, Dziwenji ndi Lemani anaona agogo amodzi ataima pamene anadzukira. Mapazi awo panjira anali aang'ono, a kamtsikana.

"Ine ndine Nangozo," anatero. "Chinanditenga ndisanamere mawere. Kwathu ndi kuja mwadutsa kuja, kumene nyumba zinatseka makomo chifukwa chosowa wolowamo. Dzina labwera, koma wolidziwa palibe."

Dziwenji anawagwira dzanja, ndipo anabwerera atatu.

Kumudzi, mayi awo anali atakumbukira mwana wawo lichero lili m'manja, nagwa pansi. Ataona ana awo akutulukira kumsitu, nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. Anapha mbuzi ziwiri. Anamuveka Dziwenji mikanda yofiira, namukhazika pamphasa yatsopano pakati pa bwalo, ndipo amalume ake anagwada pomupatsa madzi. Chulu chija anachikumba, dothi lake n'kukalitaya kuphompho.

Agogo aja anawamangira kanyumba pafupi ndi mtondo. Anthu ankangowatchula kuti agogo achilendo. Koma tsiku ndi tsiku, dzuwa likangotuluka, Dziwenji ankagwada pakhomo pawo.

"Mwadzuka bwanji, aNa-na-na..."

Tsiku lina anachita manyazi, nafuna kungoti agogo. Iwo anamugwira pamkono.

"Usalidule dzina langa, mwanawe, ndipo usafulumire. Ndinalidikira moyo wanga wonse. Likamachedwa kutha m'pamene ndikulimva bwino."

Ndiye Dziwenji anayambiranso, pang'onopang'ono, mpaka analimaliza. Pomwepo mpamene nthanoyi yatulira katundu wake.