Tsiku Limene Atsekwe Adanyowa

Tsiku limene ankachoka kupita kunja, zaka makumi atatu zapitazo, bambo ake adamukokera kuseri kwa galaja namulozera dambo. Atsekwe anali atadzaza madzi onse, phokoso ngati pamsika. "Ndalimbana ndi alenje moyo wanga wonse chifukwa cha mbalamezi," adatero mkuluyo. "Ndikafa, n'zako."

Iye adayankha mopepuka, monga munthu amene tikiti ili kale m'thumba: "Bola ndili moyo, bambo, dambo ili silidzasowa tsekwe."

Adabwerera ndi imvi, bokosi la masipanala ndi dzina limene anthu adam'patsa: Mtchona. Bambo anali atatsikira kulichete. Theka la dambo linali litakwiriridwa kuti pakhale poimika malole, chitukuko chimenecho, ndipo atsekwe, atawawerenga kawiri, adakwana asanu ndi anayi. Ntchito ya m'galaja ikachepa ankakhala pa tayala lakutha n'kumawayang'ana. Chinkamuzunguza mutu n'chimodzi: mbalame yokhalira m'madzi tsiku lonse imatuluka bwanji youma? Adatola nthenga, nadonthezapo madzi. Dontho lidagubuduka ngati mkanda. "Injini ndimaimva," adang'ung'udza, "koma apa pali luso."

Mmawa wina lole yonyamula mafuta idagubuduzika pamlatho. Mafuta akuda adatsata ngalande mpaka m'dambo, ndipo pamadzi padayala utawaleza wonunkha. Atsekwe anali bii, akudzikonza ndi milomo n'kumameza mafuta omwewo. Mtchona adawakola onse ndi neti, nawalowetsa m'galaja, nathira palafini m'beseni lotsukiramo zitsulo.

Mlongo wake, mayi woweta abakha, adaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Achimwene, mwawayesa mapisitoni?"

"Girisi ndi girisi, chemwali. Ndam'tsuka zaka makumi atatu."

"Tsekwe, monga bakha, ali ndi mafuta akeake, amawatapa pamchira n'kumadzola. Palafiniyo aononga nthenga, khungu lomwe awaula. Dikirani ndiitane dokotala wa ziweto. Pafunika sopo wofewa ndi madzi ofunda, kenako muwasunge m'khola mpaka nthenga zibwerere m'chimake."

"Dokotala wa anapiye uja? Ine ndaona madoko a sitima zapamadzi amene iwe sungathe n'kuwatchula komwe."

"Madoko mudawaona. Nanga bakha mudam'sungapo?"

Mtchona adaseka, napinda malaya. Adatsuka mmodzimmodzi, phiko ndi phiko, mosamala ngati akutsuka kabuleta ya galimoto ya bwana. Ndipo zoona, ukuda wonse udachoka. Adam'kweza wamkulu wa onse m'mwamba kuti mlongo wake aone. "Taona! Watsopano, wa m'pepala."

"Asungeni ngakhale sabata imodzi," adapempha mayiyo.

"Galimoto ikatha kukonzedwa siigona m'galaja."

Masana omwewo adawanyamula pa wilibala kupita nawo kumtunda kwa dambo, kumene madzi anali oyera. Atsekwe adalowa mmodzimmodzi. Apo ndi pamene Mtchona adaona chinthu chimene ngakhale bambo ake sadachionepo: tsekwe akunyowa. Madzi ankalowa m'nthenga ngati m'chiguduli. Mbalame zidayamba kutsika pang'onopang'ono, chifuwa, msana, mpaka padatsala makosi okha. Poyamba adangoima kukamwa kuli yasa, akufuna kumvetsa. Pomwe ankadziponya m'madzi, nsapato zili kuphazi, asanu anali atamira kale.

Anayi otsalawo adawakulunga m'masaka. Ankanjenjemera, khungu lili psuu. Dokotala atafika adangowagwira pachifuwa, nanunkhiza beseni lija. Pofika mawa lake masana, womaliza adaweramitsa khosi.

Mtchona adatola nthenga imodzi pansi pa galaja, nadonthezapo madzi. Dontho silidagubuduke. Lidalowa. Mlongo wake adatenga tsache nayamba kusesa nthenga zotsalazo, ndipo sadam'nyoze, pakuti mawu adanenedwa kale ndi akuluakulu: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mtchona akadali moyo. M'dambo mulibe tsekwe.