Disiki yotupa ya a Mtepa

Panali munthu wina, dzina lake Lingson Mtepa, amene ankayang'anira makompyuta pa sukulu ina ya sekondale. Ntchito ankaidziwa ndithu, koma mtima wake unali wapachala.

Pasukulupo panali kompyuta imodzi yaikulu, ndipo m'kati mwake a Mtepa anamangamo ina yongoyerekeza, yosagwirika ndi manja. Disiki ya yongoyerekezayo inali fayilo imodzi basi. M'fayilomo munali mayina ndi zithunzi za ana 186 a Fomu 4, zoti zitumizidwe pofika Lachisanu masana kuti anawo adzalembe mayeso. Mayi Nasimango, kalaliki wa sukulu, anazilowetsa okha kwa masabata atatu. Anawo anali atapita kale kuholide.

Tsono fayilo yotereyi ili ndi khalidwe loipa. Ukaikamo zinthu imatupa, koma ukazifufuta siiphwa ayi. Lachitatu m'mawa kompyuta yaikulu inadzaza mpaka pakhosi, ntchito yonse n'kuima. A Mtepa analowa mu yongoyerekeza ija n'kuyamba kufufuta mavidiyo a mpira ndi nyimbo zimene aphunzitsi anaunjikamo. Anafufuta mpaka msana kuwawa. Atatuluka kukaona fayilo, anaipeza ili chitupire.

Anamenya tebulo. "Chinthu ichi chikundiyesa chitsiru eti? M'katimu theka lonse mulibe kanthu!"

Mayi Nasimango anati, "A Mtepa, bwanji tikopere kaye? Achimwene anga ali ndi disiki yapadera kuboma. Maola awiri okha ndabwera nayo."

"Maola awiri! Mayi, inu yanu ndi kutayipa. Izi tisiyireni ife."

Musaganize kuti njira yake sankaidziwa. Umayamba wakopera zonse pena. Kenako umalowa m'kati, n'kusunthira katundu mbali imodzi, n'kubweza malire a m'katimo, ndiye pomaliza n'kudula fayiloyo kunjaku. Koma zimenezo zimafuna munthu wodekha, ndipo a Mtepa magazi anali atawira kale. Anazimitsa kompyuta yongoyerekeza ija, n'kulemba lamulo loti fayilo idulidwe pakati. Kompyuta yaikulu inawachenjeza kuti zina zitha kutayika. Iwo anati dula. Mphindi isanakwane n'komwe, malo anapezeka ambirimbiri.

"Mwaona?" anatero akuseka. "Bwenzi pano muli m'minibasi."

Atayatsanso, kuseka kunatha. Zinthu m'disiki sizindandalikana bwino koyambirira monga mabuku pashelefu. Zimakhala mbwee ponseponse, ngati chimanga choyanika pamkeka, ndipo iwo anali atadula mkekawo pakati n'kutaya mbali inayo. Ana 70 sanapezeke. Mayina, zithunzi, zonse zii.

Mayi Nasimango anangogwira pamutu. Sanawatukwane, ngakhale ine ndikanawatukwana. Masiku otsalawo anathera pafoni, kutuma mauthenga kumipingo ndi kwa akabaza kuti ana abwere adzajambulidwenso. Ambiri anabwera. Koma pofika Lachisanu masana, asanu ndi anayi a kumidzi yakutali anali asanafike.

Mmodzi mwa iwo, mtsikana wina dzina lake Eneless, anatsika lole Lachisanu lomwelo cha m'ma 3 koloko, fumbi lili tcha, nsapato zili m'manja. Anapeza a Mtepa pakhomo la ofesi, kaundula atatsekedwa kale.

"Sala, ndachedwa?"

A Mtepa anayang'ana pansi.

"Ndiye ndilemba liti, sala?"

"Chaka chamawa," anayankha, mawu osamveka bwino.

Nkhani imeneyi imandipsetsa mtima mpaka lero. Tsono inu amene mwabwera kudzaphunzira ntchitoyi, tcherani khutu. Mudzakhala nokha m'kachipinda, makina akukuvutani, ndipo mudzaona ngati ndewu ndi ya inu ndi makinawo basi. Bodza limenelo! M'fayilo iliyonse imene mukufuna kuichepetsa muli anthu amene simukuwaona. Chinthu chikakukwiyitsani, chotsani manja pakiyibodi, tulukani mukamwe madzi. Mukabwerako koperani, konzani m'kati, kudula kubwere pomaliza. Mukapanda kutero, tsiku lina mwana wa eni adzaima pakhomo panu n'kukufunsani kuti alemba liti, ndipo mudzamuyankha ndinu.