Perekaniperekani wa pa Rodibuloko

Lufeyo ankayendetsa minibasi yodzaza ndi amayi opita kuchinkhoswe. Atafika pa rodibuloko, a Gomani, apolisi apamsewu, anamuimitsa.

"Umathamanga iwe. Chindapusa K20,000."

"Bwana, galimoto iyi ithamange? Pachitunda paja tachita kukankha!"

"Ukakana ndikulemba m'kompyuta, ngongole yakubanki uzidzangoimvera kwa anzako. Bweretsa makiyi. Pano suchoka."

Lufeyo anapereka makiyiwo ndi manja awiri, n'kusuzumira m'galimoto.

"Amayi, abwana akuti sitichoka. Ndiye mwambo uyambire pompano, mlendo wolemekezeka ndi iwowa."

Nthungululu zinalira. Amayi anatsika ndi ng'oma n'kuwazungulira a Gomani. Mayi Nasibeko, oyendetsa mwambo, anaika lichero pamapazi pawo.

"Perekaniperekani! Tiyambe ndi abwana a yunifolomu, ationetse kuti iwo sagona ndi njala!"

Magalimoto anaima, anthu mafoni m'mwamba kujambula. Woitanidwa pabwalo sachokapo asanafupe. A Gomani anaponya K500.

"Aaa, bwana wathunthu imeneyi? Ibwerezeni nyimboyo!"

Anaponya K2,000. Nyimbo inabwerezedwanso. Anaponya ina, ndi inanso, thukuta lili kamukamu. Pomaliza anapisa m'thumba n'kupeza makiyi okha. Nawonso anawaponya m'lichero.

Lufeyo anawatola, n'kuomba m'manja.

"Nanga kompyuta ija, bwana?"

"Netiweki palibe! Chokani!"

Minibasi ikunyamuka, Mayi Nasibeko anatulutsa mutu pawindo, lichero lili pamwendo.

"Ukwati ndi Loweruka likubwerali, bwana! Tidzadutsa pompano!"