Kangachepe ka Nasiketi

Bambo Kumwembe, mwini shopu ya khofi ku Zomba, analamula wantchito wawo Nasiketi kuti: "Kangachepe kamene makasitomala amakusiyira uzindipatsa ine."

"Chabwino, bwana."

Kuyambira tsikulo, kasitomala akasiya ndalama, Nasiketi ankamunong'oneza kuti: "Mulungu akudalitseni. Izi n'za bwana. Zinthu zawathina, koma musawafunse."

Mbiri inawanda. Loweruka, shopu itadzaza, apongozi a Kumwembe anatulukira atasenza thumba la ufa, nsapato zakale zili m'manja.

"Akamwini, mpaka kupemphetsa kudzera mwa wantchito? Kumudzi minda ilipo!"

Makasitomala anayamba kusonkha. Wina anayambitsa pemphero.

Kumwembe, thukuta lili kamukamu, anakuwa: "Ndalamazo n'za Nasiketi! Ine sindikhudzako!"

"Mwamva nonse," anatero Nasiketi. "Koma nsapatozo landirani, bwana. Zachokera kutali."