Mawondo a Mayi Nasimango

Panali mayi wina, telala wa pakhonde la sitolo m'tauni, amene anthu ankangomutchula ndi mfunda wake, Nasimango. Zaka zake zinali zitapitirira makumi asanu. Ana ake anali atakula n'kumwazikana, ndipo mawondo ake anali atatha ndi kupalasa makina. Kuchipatala anali atamuuza kale kuti mawondowo aziwasunga: zitunda azilambalala, katundu wolemera asamanyamule.

Mayi ameneyu anali ndi nkhani imodzi imene makasitomala ake anaimva mpaka kuiloweza. Ali ndi zaka khumi, mpingo unamutumiza ku kampu ya ana ya patchuthi, imene inkachitikira pasukulu ina ya mishoni patsinde pa phiri. Anakhalako sabata imodzi yokha. Koma sabata imeneyo inakhazikika mumtima mwake kuposa zaka zonse zimene anakhala pasukulu. Ankagona pamphasa m'kalasi, madesiki ataunjikidwa kukhoma. M'mawa ankadzutsidwa ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chimene chinkalendewera mumtengo wa mkuyu. Ankaimba mpaka mawu kusasa, ndipo palibe ankawauza kuti akusokosa. Ndiye tsiku lomaliza, ana onse ankakwera phiri.

Nkhani ikafika paphiripo, Nasimango ankaimitsa makina. Ankati pamwamba pake pali mwala waukulu wafulati, woti ana zana n'kukhalapo osapanikizana. Ankati ataima pamenepo anaona sitima ikukwawa kutali m'chigwa, yaing'ono ngati bongololo. Ankati mwana aliyense anapatsidwa mfundo ziwiri za nzimbe, ndipo nzimbe yokoma ngati imeneyo sanaidyenso. Munthu wobwera kudzatenga diresi lake ankayenera kukwera kaye phirilo ndi makutu, diresi n'kulandira pambuyo.

Chaka china anamva kutchalitchi kuti kampu ija ikadalipo, ndipo akufuna alangizi oti akakhale ndi ana. Anamvanso kuti phirilo lagulidwa ndi anthu ophwanya miyala. Chaka chamawa adzalitchinga ndi waya, ndipo sipadzakhalanso wokwerako. Tsiku lomwelo analembetsa dzina. Atamufunsa chifukwa chake, anayankha monga tonse timayankhira, kuti amakonda ana. Sikunali kunama. Koma pansi pa mtima chimene ankafuna chinali chimodzi: kukaimanso pamwala uja kamodzi kokha, maso akadaona, phiri likadalipo.

Musafulumire kumuweruza. Alangizi anzake nawonso aliyense anabwera ndi kake m'thumba. Panali mnyamata amene ankafuna kalata yaumboni yoti akaonetse kukoleji ya uphunzitsi. Wina anathawa chikombole kwawo, paja Ogasiti ndi mwezi woumba njerwa. Awiri ena, mnyamata ndi mtsikana, anabwera aliyense chifukwa anamva kuti mnzakeyo abwera, ndipo ankaganiza kuti palibe akudziwa, pomwe ngakhale ana a sitandade wani ankadziwa. Tamanda, mtsikana wophunzira unamwino amene anamuika gulu limodzi ndi Nasimango, iye sanabise n'komwe. Anati abusa anangomuloza chala, iye n'kusowa pothawira.

Awiriwa anapatsidwa atsikana khumi ndi awiri.

Nasimango anapeza zinthu zitasintha. Mkuyu anali ataudula, ndipo m'mawa ankaimba wezulo. Makalasi amene ankawakumbukira aakulu anali timakalasi wamba. Nyimbo zake zakale ana ankamuimbira mwaulemu, nkhope zili ngati akumwa mankhwala, kenaka n'kuyambitsa zawo zovina ndi mapewa. Akangoti "nthawi yathu," iwo ankatsinana. Paja amati tsabola wakale sawawa. Zinamupweteka ndithu, chifukwa anabwera ndi mtima wonse. Koma ankadzitonthoza kuti phiri lokha silisintha, ndipo m'mawa uliwonse potsuka makapu a phala ankaliyang'ana, n'kumawerenga masiku otsala.

Kampu imeneyi inali ndi lamulo lake la paphiri, lakale ngati kampuyo. Pagulu lililonse mlangizi mmodzi amatsogola, wina amakhala mchira. Ndipo wa kumchira sapitirira mwana, ngakhale mwanayo aziyenda ngati bilimankhwe. Popeza Tamanda anali ndi miyendo yanthete, anamuika kutsogolo. Nasimango anakhala mchira.

Ananyamuka dzuwa litangotuluka. Poyamba mayi uja anasunga malo ake bwinobwino. Koma atayamba kuizindikira njira, mtima unathamanga, miyendo n'kuiwala zaka zake. Uwu ndi mlambe uja. Apa ndi pamene tinamwa madzi. Anapitirira mwana mmodzi kuti akaonetse anzake mlambewo. Anapitirira wachiwiri, ndi wachitatu. Posakhalitsa mchira unali pakati pa gulu, ukulongosola mbiri yakale.

Pakatikati pa phiri pali malo opumira. Atafika pamenepo Tamanda anawerenga ana. Anapeza khumi ndi mmodzi. Anawerenganso, n'kupeza chimodzimodzi. Anangotembenuka n'kuyang'ana Nasimango. Manyazi amene anamugwira mayi uja sanawamvepo chikhalire.

"Tamanda, tsogola nawo anawa," anatero Nasimango. "Wolakwa ndine, ndikamutenga ndine."

Anatsika. Amene mawondo anawavutapo akudziwa kuti kutsika ndi kumene kumadya mawondo kuposa kukwera. Anayenda mtunda wautali, akuitana, mpaka anafikanso pamlambe paja. Mwanayo anali pomwepo, atakhala pamwala. Anali Neliya, wa zaka zisanu ndi zinayi, wachete kuposa onse pagululo. Sankalira. Anangogwira mapazi ake ndi manja awiri.

Nasimango atamuvula nsapato anaona chimene chinachitika. Mayi ake a Neliya anamubwerekera nsapato za msuweni wake kuti asakachite manyazi pakati pa ana a m'tauni, koma zinali zothina. Sabata yonse mwanayo anazipirira osauza munthu. Tsopano matuza anali ataphulika, masokosi atamatirira kuzidendene. Telala amene ankadziwa chiuno cha munthu pongomuyang'ana anakhala ndi mwanayu masiku asanu ndi limodzi osaona kuti akutsimphina. Maso ake anali kuphiri.

Kuyenda wopanda nsapato sikukanatheka. Tchire linali litapsa, ndipo njira yonse inali zitsa za udzu zobaya ngati misomali.

"Amayi, pitani inu," anatero Neliya. "Ine ndikudikirani pompano, sindichoka." Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Koma n'zoona kuti sitima imaoneka?"

Mwa ana onse khumi ndi awiri, uyu yekha ndi amene ankamvetsera nkhani yake ya phiri ija.

Nasimango anaimirira n'kuyang'ana kumunsi. Sukulu inali pafupi, utsi wa kukhitchini ukuoneka. Akanatha kumutsitsira mwanayo kwa amayi ophika, n'kumusiya m'manja abwino, iye n'kukwera yekha pang'onopang'ono. Palibe akanamunena. Anayang'ananso kumtunda. Mawondo ake ankawadziwa monga telala adziwira nsalu: iyi ikwana diresi limodzi, awiri ayi. Akakwera yekha, akafika. Akabereka mwana, zokafika n'zokayikitsa.

Anamasula chitenje chake, anachikutumula, n'kuwerama.

"Kwera," anatero.

Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi si khanda. Miyendo yake inkamenya m'ntchafu za mayiyo, ndipo mfundo ya chitenje inkadya pachifuwa. Dzuwa linakwera. Anadutsa malo opumira aja, tsopano opanda munthu. Magulu onse anali atafika kale, ndipo nyimbo zawo zinkatsika ndi mphepo. Nasimango sanalongosolenso mbiri iliyonse. Ankangoponda, kupuma, kupondanso. Neliya anatsamiritsa tsaya pakhosi pake.

Chakumapeto kwa njirayo kuli mpata wopapatiza pakati pa miyala ikuluikulu, wokwera munthu mmodzimmodzi, ndi manja ndi mawondo omwe. Kuchokera pamenepo kufika pamwamba ndi mtunda wongoponya mwala. Nasimango anaika phazi pamwala woyamba, bondo lamanzere n'kukana. Anayesa kachiwiri. Anayesa kachitatu, ululu n'kumukwera mpaka m'chiuno. Ndiye anakhala pansi mosamala kuti mwana asagunde mwala, n'kumasula chitenje.

Tamanda anawaona ali pamwamba ndipo anatsika msanga. Anagwira bondo lija, napeza litatupa ngati dzungu, likutentha.

"Amayi, apa musayerekeze," anatero. "Mukakwera mpata uwu, potsika tidzafuna machira, ndipo machira sadutsa apa."

"Ndamva," anayankha Nasimango. "Tenga mwanayu. Samala zidendene zake."

Tamanda anabereka Neliya, n'kulowa naye mumpata muja.

Nasimango anatsala yekha atatsamira mwala. Pamene anakhalapo sipankaoneka chigwa, sipankaoneka kanthu. Udzu wopsa ndi miyala basi. Analira, ndisabise. Zaka makumi anayi akulota malo amenewa, ndipo anatsala pakhomo penipeni. Anadziwa kuti mwayi wina sudzabweranso.

Ali chilirire, kamawu kanatsika kuchokera pamwamba, kakuthwa, kosazolowera kukuwa.

"Amayi, ikuoneka! Sitima ikuoneka!"

Anapukuta maso, n'kuyang'ana mpata uja. Pamenepo panamubwerera funso limene sanadzifunsepo. Mlambe ankaukumbukira, pomwera madzi ankapakumbukira, mwala wa pamwamba ankaukumbukira. Nanga mpata woopsa chonchi, bwanji sankaukumbukira? Kamtsikana ka zaka khumi kangakwere apa n'kuiwala?

Pakhosi pake panali pakadali pofunda, pamene Neliya anatsamiritsa tsaya. Ndipo pang'onopang'ono zinayamba kubwera. Munga umene unamulasa kuphazi tsiku lija. Duku lobiriwira pafupi ndi maso ake. Fungo la thukuta ndi sopo wamtanda. Kupuma kwa befu kwa munthu wamkulu, kukumveka kudzera pamsana. Mpata umenewu sanauone chifukwa anaudutsa nkhope ili pakhosi pa munthu. Nayenso anachita kuberekedwa.

Anayesa kukumbukira dzina la mlangizi ameneyo, koma silinabwere. Anayesa nkhope, inakana. Zaka makumi anayi anasimba za mwala, za sitima, za nzimbe, koma msana umene unamufikitsa kumeneko sanautchulepo ngakhale kamodzi. Sanadziwe n'komwe kuti mayiyo anabwera kudzafuna chiyani kukampu, kapena chimene anasiya kuti iye akaone sitima. Analiranso, koma tsopano ankalirira mayi wa duku lobiriwira, amene panalibenso njira yomuthokozera.

Masana anamutsitsa alangizi aamuna awiri, wina uku wina uku, ana akuyenda kumbuyo kwawo mwakachetechete. Chaka chotsatira phiri analitchinga ndi waya monga ananenera, ndipo Nasimango sanaimenso pamwala uja mpaka lero. Koma tsiku lotsegulira kampu anthu anamuona akutsika minibasi, ndodo kudzanja ili, mphasa kudzanja linalo.

Inu amene mwabwera kudzakhala alangizi sabata ino, sindikufunsani chimene chakutulutsani m'nyumba. Chimenecho ndi chanu, ndipo sichinyozeka; ambiri a ife tinabwera kudzafuna ubwana wathu womwe. Koma dziwani kuti lidzafika tsiku limene chimene mwadzera chidzakhala kutsogolo, mwana ali kumbuyo, mphamvu zili za ulendo umodzi. Tsiku limenelo bwererani. Ndipo musayembekezere kuti mwanayo adzasunga dzina lanu. Akadzakula adzasimba zimene anaona, inu osakutchulani, monga inunso simutchula amene anakuberekani.