Nyani Agawa Dimba la Gulu

Kalekale, nyama zisanaiwale kulankhula, Gwape, Nungu ndi Mfuko wokalamba ankalima dimba limodzi. Analibe bwana. Chilichonse ankapangana pansi pa mkuyu, aliyense ndi mawu ake.

Chaka china Gwape anadandaula kuti zokambiranazo zikungodya nthawi. Anaitana Nyani, amene ankadziwika kuti sakondera, adzaone ngati gululo lili ndi phindu.

Nyani anabwera ndi dengu. Anayeza chimanga cha gulu. Anayezanso cha Njati, amene ankalima yekha kutsidya. Cha Njati chinachuluka.

"Gawanani dimbali, aliyense alime pake," anatero Nyani.

Anagawanadi, Nyani nkubwerera kuphiri mtima uli m'malo.

Dzinja lina litatha, anatsika kudzaona ubwino wa malangizo ake. Anayamba kwa Gwape. Chimanga chinalipo, koma mwiniwake anali ataonda, maso ali psuu. Anati kale ankalondera mbava mosinthana, tsopano sagona. Nyani anadabwa.

Anapita kwa Nungu. Anamupeza akutsimphina. Nungu anati anamenyana ndi Gwape polimbirana madzi a m'ngalande imene anakumba limodzi, ndipo sapatsananso moni. Nyani anagwira pakamwa.

Kenaka anapempha Nungu kuti amuperekeze kwa Mfuko. Njira inali itamera udzu.

"Odi, agogo!"

Kunali zii. Anaodiranso, kunali zii. Nyani anafukula pakhomo ndi manja ake. Mkatimo anapeza mafupa okhaokha, kakhasu kali pambali.

Nyani anangokhala pansi. Nungu anafotokoza kuti agogowo sankaona bwino. Kale anzawo ankawadzera m'mawa uliwonse, nkuwatsogolera kudimba, masana nkudyera nawo pamodzi. Chigawanireni dimba, aliyense ankathamangira pake, akuganiza kuti mnzake ndiye akuwazonda.

"Nanga bwanji simunandiuze zimenezi tsiku lija?" anafunsa Nyani.

"Ifenso sitinkadziwa kuti nzofunika kuzitchula, achimwene. Tinkangozichita."

Nyani anaitana Gwape. Atatuwo anaika mafupawo m'manda. Pomaliza Gwape anazula zikhomo za m'malire nkuziponya mumtsinje, koma amene anatsala kuti alime dimbalo anali awiri basi.

Inu omvera, mukafuna kudziwa phindu la gulu musayang'ane zokolola zokha. Funsaninso amene akugona tulo, amene akupatsana moni, ndi amene ali moyo chifukwa cha gululo.

Yanga yathera apa, wina atole yake.